Wolemba Amene Ankapinda Manja

Malemu amene tabwera kudzawaperekezawa anabadwa pa 9 Epulo 1965, oyamba m'banja la ana atatu. Ine ndine mwana wa mng'ono wawo, choncho mundilole ndiziwatchula kuti amayi aakulu pamene pakamwa pazolowera. Bambo awo ankakonza mawailesi m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, mayi awo ankasoka zovala. Akuti ali mwana ankatola timapepala ta malangizo timene bambo awo ataya, n'kumatiwerenga kwinaku akudandaula kuti wolembayo walumpha pakati.

Anayamba sukulu mu 1971, ndipo mu 1984 anapita ku yunivesite kukaphunzira uinjiniya wa zamagetsi. Anamaliza bwino, ngakhale okha ankavomereza kuti iwo ndi mawaya sankamvana kwenikweni. Anzawo ankawafunira china. Munthu akasokonezeka ndi phunziro ankapita kwa iwo, iwo n'kumulembera tsamba limodzi, m'mutu n'kuyera.

Mu 1989 analembedwa ntchito pa kampani yopanga mapulogalamu a kompyuta. Abale ambiri mpaka lero mumati anali sekilitale, ena mumati mtolankhani. Ntchito yawo inali iyi: mainjiniya akapanga chinthu, iwo ankalemba buku louza munthu wamba mmene angachigwiritsire ntchito. Dinani apa, mukaona chakuti chitani chakuti. Mabuku otere sakhala ndi dzina la wolemba, ndipo munthu amawatsegula atakwiya kale.

M'chipinda cha misonkhano cha kampaniyo, cha tebulo lalitali ndi mawindo osatseguka, mkazi wachikuda anali iwo okha. Tsiku loyamba bwana wina anawatuma tiyi. Anakamubweretseradi, kenako anakhala pampando woyang'anizana naye n'kumufunsa za pulogalamu yake mpaka tiyiyo anazizira. Chithunzi chawo chinkatuluka chaka ndi chaka m'kabuku kotsatsa kampani, koma kukwezedwa pantchito ndiye kunkachedwa m'njira. Anasintha makampani kawiri, ndipo mu 2003 anakhala mkulu wa gulu la olemba. Amayi angapo achikuda amene akhala kumbuyoko analowa ntchitoyi chifukwa malemu anawagwirira chitseko.

Amene munagwira nawo ntchito mukuidziwa njira yawo. Akamaliza kulemba ankaitana munthu wosadziwa kanthu za chinthucho, kumukhazika pa kompyuta, kumupatsa tsambalo, iwo n'kukhala pambali, manja opinda, pakamwa potseka. Munthu uja atuluke thukuta, adine batani lolakwika, awayang'ane ndi maso opempha, iwo duu. Ankati, "Ndikayankhula ndabisa vuto. Tsiku limene adzakhale yekha, ine sindidzakhalapo." Pamene munthuyo wapunthwa ndi pamene ankakonza. N'chifukwa chake mabuku awo ankamveka.

Mu Okutobala 1992 anakwatiwa ndi mphunzitsi wa masamu, bambo wanthabwala, ndipo mu 1994 anadalitsidwa ndi mwana mmodzi wamkazi, achemwali angawa. Zimene nditi ndinene tsopano ndapatsidwa chilolezo ndi iwowo.

Njira ya kuntchito ija inkabwera nawo kunyumba. Mwana akulimbana ndi zingwe za nsapato, kaya homuweki, kaya tcheni cha njinga, amayi aakulu ankaima pakhomo manja opinda. Mumtima ankati akumukonzekeretsa. Mwana ankangoona mayi amene akuonerera. Womasulira anali bambo ake, amene ankamuuza kuti, "Usawaope amakowa, kukuyang'ana kumeneko ndiye kukunyamula kwawo." Bambowo anatisiya mu 2011, ndipo m'nyumba munatsala anthu awiri opanda womasulira.

Mu 2014 achemwali anali ku yunivesite, akumira m'maphunziro amene mtima wawo sunkawafuna. Malemu anaona zonse: kuwonda, kusowa tulo, mabuku osatsegulidwa. Anapinda manja kudikira kuti mwana apeze yekha njira. Anaipezadi, koma inali yotulukira pakhomo. Anasiya sukulu, nasamukira kutali kukaphunzira ukalipentala. Mawu amene anasiya potuluka anali akuti, "Ine si munthu woyeserapo buku lanu."

Zaka zinadutsa akungotumizirana moni wa pafoni, waufupi, waulemu, wopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Mayi anga anayesa kulowererapo. Malemu ankati, "Akafuna adzafunsa." Achemwali ankati, "Akafuna adzanena." Paja amati make mbuu, mwana mbuu. Ife abale tinayamba kuopa kuti awiriwa adzakumana pa tsiku ngati la leroli, wina ali gone.

Malemu anapuma pantchito mu 2021. Mu Juni 2023 anapezeka ndi matenda a m'mapapo, ndipo madokotala sanabise kuti sadzachira. Analetsa aliyense kuuza mwana wawo. Mayi anga, amene chibadwire sanamverepo akulu awo, anaimba foni tsiku lomwelo. Achemwali anafika ndi kachikwama kakang'ono, koonetsa kuti mwini wake sakhalitsa. Masiku oyamba ankapatsana mankhwala ndi madzi ngati namwino ndi wodwala amene angodziwana kumene.

Achipatala anatipatsa makina othandiza kupuma oti azigwiritsa ntchito kunyumba, pamodzi ndi kabuku kake. Malemu atakawerenga anapempha cholembera chofiira, nati, "Amene analemba izi sanabanikepo." Tsiku lina masana makinawo anayamba kulira, kagetsi kofiira kakuphethira. Achemwali anagwada pansi, kabuku dzanja ili, paipi dzanja ilo, akutembenuza masamba osapezapo kanthu. Ine ndinali pakhomo ndi beseni. Ndinaona manja a malemu akukwera pang'onopang'ono kupita pachifuwa, mwa chizolowezi, munthu mpweya ukumuperewera. Achemwali anadzutsa mutu nati, "Amayi, mukangopinda manja amenewo ndikupita, ndipo sindidzabweranso."

Manja anaima m'njira. Kenako mawu anatuluka, odukizadukiza: "Paipi yapindika kuseri kwa bedi." Achemwali anaiwongola, makina anakhala chete, koma malemu sanakhale chete. "Ndipo umange tsitsilo, likulowa m'maso. Ndipo sukudya. Nsapatozo zikukupana, ndakuona mayendedwe. Ndipo chaka chija cha ku yunivesite ndinkakuona."

Achemwali anati, "Kuona ndiye munkaona." Malemu anati, "Bwera kuno." Ine ndinabwerera ndi beseni langa.

Kuyambira tsikulo pakamwa pa amayi aakulu sipanatsekekenso. Analowerera chilichonse: kapindidwe ka zofunda, kadulidwe ka anyezi, mnyamata amene ankawaimbira achemwali foni pafupipafupi, ngakhale shelefu imene achemwali anawakhomera, yomwe ankati yapendekeka pamene tonse tikuona kuti ndi yowongoka. Achemwali sankameza mawu, ankabweza pomwepo. Inu amene munkabwera kudzazonda n'kumva phokoso kuchipinda munkatiyang'ana mwachisoni. Pepani kuti sitinakufotokozereni chifukwa chimene ife pabalaza tinkamwetulira. Mwezi usanathe achemwali anatumiza uthenga kuti zida zawo zonse za ukalipentala zibwere.

Malemu anamwalira kunyumba m'mawa wa Lachiwiri pa 12 Malichi 2024, dzanja lawo lili m'dzanja la mwana wawo. Anali ndi zaka 58. Asiya mwana mmodzi, mng'ono wawo, mlongo wawo, ndi ife ana a abale awo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino amene ankabwera kunyumba n'kupirira kukonzedwa kalembedwe. Ndikuthokoza anzawo akuntchito amene ankasinthana kudzacheza nawo, anansi amene mwatisunga masiku onsewa, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzalira nafe. Mulungu akubwezereni.

Chomaliza ndatumidwa. Dzulo lake la tsiku limene anatisiya, awiriwa anakangana za zenera. Malemu ankafuna likhale lotsegula, achemwali ankati kukuzizira. Atatopa anagwirizana kuti apitiriza m'mawa. Achemwali andipempha kuti ndinene pamaso panu nonse kuti iwo sanagonje, ndipo nkhaniyo akaipitiriza akadzakumana.

Kufikira tsiku limenelo, amayi aakulu, usani mumtendere.