Zala Zamva Krapi

Pamzere wolipira m'sitolo ya nyambo m'tauni ya Bemidji, mayi wina wonyamula kachitini ka nyongolotsi anayang'anitsitsa kandodo kowedzera kamene mkulu wa patsogolo pake anagwira.

"Bambo, kameneko mukugulira mdzukulu?"

"Ayi mayi, n'kanga."

"Kowonda chonchi? Nsomba yaikulu ikadya, mutsala ndi chogwirira chokha."

"Zazikuluzo ndasiyira anyamata. Ine ndikufuna tinsomba tating'ono, krapi ndi pechi. Krapitu sakoka, amangonyambita nyambo. Ndi ndodo yolimba simungamve kanthu."

"Amuna anga amawedza ndi yolimba, ndipo amapha ndithu."

"Iwowo zala zawo n'zamoyo. Zangazi zinafa ndi sitiroko chaka chatha. Khofi wotentha ankanditayikira pamanja, ine osamva. Ana anga mpaka anaika bwato langa pamalonda."

"Pepani bambo, sindimadziwa."

"Musapepese, tamverani! Lamulungu lapitali mnzanga anandikokera kunyanja, n'kundibwereka kandodo konga aka. Ndili chikhalire, ndinangomva kanthu kakugwedeza chala ichi. Ndinkayesa ndikunjenjemera ndine. Kukoka chingwe, krapi! Wamkulu kuposa chikhatho changachi."

"Munamva ndi dzanja lomwelo?"

"Lomweli, mayi! Ndinakuwa mpaka abakha onse anauluka. Mnzanga ankayesa matenda ayambiranso."

"Nanga anawo akuti bwanji?"

"Anene chiyani? Ndawauza kuti aliyense wobwera kudzagula bwatolo, ndimukwapula ndi kandodo komweka."

"Ha! Kathyokatu, bambo."

"Kathyoke! Bola ndikamve kakuthyoka."