Msewu wa Pansi pa Damu

Loweruka m'mawa a Wilbroad Sakala anatsikira ku damu latsopano la kuseri kwa Chiparamba atavala jekete lakuda, tabuleti, foni yaikulu ija, ili m'khwapa. Mlamu wawo Andireya, mmisiri wa matabwa, anali kale m'boti akukhomerera bokosi kutsogolo kwake.

"Wamaliza, mlamu?"

"Kwatsala galasi lokha, alamu. Munati bokosi lisagwedezeke. Taligwedezani."

A Wilbroad anagwira bokosilo n'kuligwedeza. Linagwedezeka pamodzi ndi boti lonse.

"Lili bwino. Tsopano tamvera. A Ezekiel Ngoma, amalume ake a Mainess, mtsikana amene Benson akufuna kukwatira, anena kuti teni koloko ikakwana tisanafike, akwera njinga kupita ku Mtenguleni, ndipo nkhani ya ukwati wa Benson ithera pomwepo. Sabata yatha ndinawakhazika pamphasa tsiku lonse, ine osaoneka. Ndikachedwanso lero, mwana wa mlongo wanga atsala wopanda mkazi chifukwa cha nkhoswe yake."

"Mudzi wawo si uwo?" Andireya analoza tsidya ndi nkhafi. "Pamtengo wa mango paja. Tikapalasa molunjika, naini isanakwane tafika."

"Molunjika amayenda abakha. Mwana wanga Ireen ananditumizira chinthu ichi kuchokera ku Lusaka kuti ndiziyenda ngati munthu wodziwa kumene akupita. Muli mapu. Muli ndi nyimbo zomwe."

Anadina apa n'kudina apo, lilime lili panja pang'ono. Analemba dzina la mudzi. Anayatsa sipika yozungulira ngati chitini cha nsomba, ndipo nyimbo ya ukwati inayamba ndi ng'oma zake. Zonse anaziika m'bokosi.

"Tseka. Madzi asalowe ngakhale dontho."

"Ngakhale dontho?"

"Ngakhale dontho."

Andireya anaika galasi la windo lakale, anakhoma timatabwa m'mbali ndi misomali isanu ndi itatu, n'kumata phula m'mphepete monse. Kumbali anali ataboola timabowo toyang'ana pansi kuti mawu azituluka. Kenako anakankha boti.

"Uzipalasa motsatira nyimbo," anatero a Wilbroad, akukhala bwino pathabwa. "Ndiponso uzichita zimene makina anena. Maganizo ako uwasiye kumtunda."

"Ndawasiya."

Asanapite patali, nyimbo inatsika, ndipo mawu a mkazi analankhula Chingerezi m'bokosimo. Andireya anaimitsa nkhafi n'kuvula kapusi.

"Kodi tili atatu?"

"Ndi makina, iwe."

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Sayankha moni. Akuti tikhotere kumanja."

"Kumanja kuli bango."

"Akuti kumanja."

"Amayiwa anayamba afikako kuno?"

"Amadziwa dziko lonse lapansi. Khota."

Andireya anavala kapusi n'kukhota. Mtengo wa mango unapita kumbuyo kwa phewa lake lakumanzere. A Wilbroad anaweramira pagalasi, n'kupukuta ndi mkono wa jekete.

"Mlamu, kadontho kabuluu aka ndi ife. Koma pozungulira pake pakuoneka pobiriwira."

Andireya anasuzumira. "Ndi munda wa thonje wa a Mandla."

"Tili pamadzi."

"Eya. Munda uli pansi pathu. Mzere woyerawo ndi msewu wakale wopita kwa a Ngoma, uja unamira atatseka damu. Amayiwa akutiyendetsa mumsewu."

"Waona? Ndiye kuti njira akuidziwa."

"Akuidziwa kwambiri. Kungoti sanamve kuti kunabwera madzi."

"Zimenezo n'zazing'ono. Pita."

Anapita. Patapita kanthawi a Wilbroad anaona kuti boti likukhukhuza bango.

"Bwanji ukudzipanikiza kumbali?"

"Pamsewu timayenda kumanzere, alamu."

"Kukubwera ndani kutsogoloko?"

"Sindikudziwa. Pangodya iyi ndi pamene ngolo ya a Sipho inandigwetsa panjinga."

"Ngolo ya a Sipho siyandama."

"Nanga ife tikanadziwa kuti tidzayandama pano?"

Mayi uja analankhulanso. A Wilbroad anamasulira kuti akhotere kumanzere. Atakhota, anatinso kumanja. Msewu wakalewo unkazemba zulu ndi minda ya anthu, ndipo boti linazemba zonsezo mokhulupirika pamadzi oti see, opanda ngakhale chitsa. Munthu wina amene ankawedza kumtunda anasiya mbedza yake n'kuimirira kuti aone bwino.

Kenako Andireya anasiyiratu kupalasa, n'kumangokankha madzi pang'onopang'ono.

"Chavuta n'chiyani?"

"Kamlatho kamitengo kaja. M'popapatiza."

"Mlamu, kamlathoko kali pansi mamita angati?"

"Anayi kapena asanu."

"Ndiye ukuopa kugwera kuti?"

"M'madzi."

A Wilbroad anayang'ana nthawi pagalasi. Inali itadutsa naini ndi theka, ndipo mtengo wa mango unkaoneka waung'ono kuposa mmene unalili ponyamuka.

Pomwepo ng'oma zinatha. Kunabwera mawu a amayi ambiri, otsika, okoka, nyimbo ija imene amaimba potuluka m'nyumba ya siwa. Nkhafi ya Andireya inayamba kulowa m'madzi mwaulemu, n'kumatuluka mochedwa.

"Iyi yachokera kuti?" anafunsa a Wilbroad.

"Ndi kwaya ya achemwali. Mawu okwerawo ndi awo."

"Akazi anga a Lenia agwira liti tabuleti yanga?"

"Lachinayi lililonse, inu mukapita kudimba. Amajambula pophunzira nyimbo. Zaukwati anajambula ziwiri. Zamaliro zilipo makumi anayi, chifukwa ndi zimene zimafunika kawirikawiri."

"Fulumira kupalasa."

"Munati ndizitsatira nyimbo."

"Ndiye itsatire mofulumira."

"Nyimbo ya maliro sathamanga nayo, alamu. Anthu angatione."

A Wilbroad anagwada kutsogolo kwa bokosi n'kudina pagalasi. Palibe chinasintha. Anadinanso ndi chala chachikulu. Ananyowetsa chala ndi malovu, anapukuta, anayesa ndi chikhadabo.

"Chala sichikufika."

"Sichingafike. Pakati pa galasi ndi tabuleti ndinasiya mpata wa zala ziwiri, kuti ipume."

"Nanga ndiisintha bwanji nyimbo?"

"Munati dontho lisalowe. Chala n'chachikulu kuposa dontho."

"Sindinanene kuti unditsekere kunja ine mwini wake."

"Nditsegule? Nyundo ndili nayo."

A Wilbroad anayang'ana madzi amene ankadontha kunkhafi, n'kuyang'ana tabuleti ya mwana wawo. "Ayi. Isiye. Nyimbo siluma."

Dzuwa linali litakwera, ndipo galasi linayamba kuwala moti mapu sankaonekanso. A Wilbroad anavula jekete lawo lakuda, analifunditsa pabokosi, n'kulowetsa mutu mkati. Mawu awo ankamveka ngati akuchokera m'nkhokwe.

"Kwatsala mphindi khumi ndi zisanu. Amayiwa akuti tipitirire mpaka pachigayo, kenako tizungulire."

"Kuzungulira kwa pachigayo n'kutali. Kumadzera kumanda akale."

Mutu unatuluka m'jekete. "Kumanda sitipitako ndi nyimbo imeneyi. Lunjika kumtengo wa mango."

"Ngati abakha?"

"Lunjika, mlamu."

"Amayiwa akhumudwa."

"Ndikawapepesa ndine."

Andireya anatembenuza boti. Anapalasa kasanu. Kachisanu ndi chimodzi pansi panamveka kuti gugudu, ndipo boti linaima, mphuno ili m'mwamba pang'ono.

"N'chiyani chimenecho?"

"Khoma la chigayo. Denga anachotsa, khoma anasiya. N'chifukwa chake msewu unkazungulira."

"Bwanji sunanene?"

"Maganizo anga ali kumtunda."

Mayi wa m'bokosi analankhula mawu awiri atatu modekha, kwaya n'kupitiriza.

"Akuti chiyani?"

"Akuti akuganizanso njira ina."

"Ali ndi mtima wabwino. Achemwali akanalankhula zambiri."

Anakankha ndi nkhafi, anasunthira kumbuyo onse awiri, anagwedeza boti uku ndi uku mpaka linatsetsereka. Nsapato za a Wilbroad zinadzaza madzi. Analowetsanso mutu m'jekete kuti aone nthawi.

"Yakwana?" anafunsa Andireya.

"Yapitirira ndi mphindi zinayi." Mawu awo anali atatsika. "Benson ndikamuuza chiyani? Mwana uja wagula kale mapoto."

Andireya anayang'ana tsidya, maso atatsinzina pang'ono. "Pali munthu wakwera njinga pamtengo wa mango. Wavala chipewa choyera."

"Ndi iwowo. Basi, zatha. Tsegula bokosi ili, mlamu. Ndikufuna ndiliponye m'madzi ndi manja anga, likapeze msewu wake."

"Ndipalase kapena nditsegule?"

"Zonse."

"Manja ndi awiri, koma nkhafi imafuna onse."

"Palasa kaye. Ukafika utsegule."

Mawu amayenda patali pamadzi. Kwaya ya a Lenia inali itafika pandime imene amayi amakweza mawu onse pamodzi, ndipo inawoloka damu boti lisanawoloke. Wanjinga uja anaima. Anatsitsa mwendo umodzi, anatembenuka, n'kuona boti likubwera pang'onopang'ono, kutsogolo kuli bokosi lofundidwa nsalu yakuda, munthu wamkulu atagwada pamenepo mutu uli pansi.

"Atsika panjinga," anatero Andireya. "Avula chipewa."

"Usandinamize."

"Kukubweranso amayi. Akumanga zitenje m'chiuno. Ena akuchokera kumunda ndi makasu. Uyo wayamba kale kulira."

A Wilbroad anasuzumira ndi diso limodzi pansi pa kolala ya jekete, n'kubwezanso mutu msanga.

"Mayo ine. Zimitsa."

"Sizitheka."

"Ndiye bwerera."

"Amayiwa akuti tafika."

Boti linagunda mchenga. Pagombe panali anthu osachepera makumi asanu, ndipo ena ankatsikabe kuchokera kumudzi. Andireya anaika nkhafi pansi, anatenga nyundo monga anauzidwira, n'kuzula msomali woyamba. A Ezekiel Ngoma anayandikira, chipewa chili pachifuwa.

"Pepani, a Sakala. Pepani ndithu. Watisiya ndani?"

A Wilbroad anatuluka m'jekete.

"Palibe," anatero Andireya. "Tabwera za ukwati wa Benson. Tangochedwa."

Mayi amene ankalira uja analekeza pakati. A Ezekiel anakweza ngodya ya jekete n'kusuzumira m'bokosi. Anaona kadontho kabuluu kataima m'munda wa winawake. Anavala chipewa chawo pang'onopang'ono.

"Ndinati teni koloko, a Sakala."

"Munatero, a Ngoma. Cholakwa n'changa, si cha mnyamata. Chinthu ichi ndichiponya m'madzi inu mukuona."

A Ezekiel anagwira njinga yawo n'kuitembenuza. Koma njira yokwerera kumtunda inali itadzaza anthu, ndipo anaima n'kuyamba kuwayang'ana mmodzimmodzi, milomo ikuyenda ngati akuwerenga mbuzi.

"Keith, nawenso wabwera? Si iwe unati msana sukulola kuyenda?" Anatembenukira kwa a Wilbroad n'kutsitsa mawu. "Ine ndine wapampando wa tchalitchi chathu chino. Miyezi itatu ndakhala ndikuitana anthu awa kuti tiumbe njerwa. Ndimaliza belu, ndimayenda khomo ndi khomo. Amabwera anayi, awiri mwa iwo ndi ine ndi mkazi wanga. Inu mwawasonkhanitsa onse osatsika m'boti."

"Sitinachite dala."

"Nyimbo zotere zilimo zingati?"

"Makumi anayi," anatero Andireya. "Tamva zisanu ndi imodzi."

A Ezekiel anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango. "Ku Mtenguleni ndipita mawa. Mphasa ikadali yoyalidwa, tiyeni tikakambe za ana athu. Koma Lachitatu m'mawa mubwere nalo bokosi ili mmene lililimu, ndi jekete lomwe. Zikombole za njerwa ndiziika pompano pagombe."

A Wilbroad anakhuthula madzi m'nsapato imodzi, kenako inayo. Anayang'ana mlamu wawo, amene anali atakola kale nyundo pamsomali wachiwiri.

"Mlamu, ukuchita chiyani ndi katundu wa Ireen? Bwezera msomali uja."