Mkwatibwi m'galimoto ya mlendo

Pa depoti ya Salima, amayi awiri osadziwana ankadikira kuti minibasi ya ku Khombedza idzaze.

"Mawu asasa chonchi, mayi, ndi chimfine?"

"Chimfine chanji? Nthungululu! Ndikuchokera ku Chitipa, ndinakakwatitsa mwana wanga Tikondwe."

"Kutali konseko! Munayenda bwino?"

"Bwino kuti? Loweruka m'mawa lole yathu inafera m'phiri, titadutsa Karonga. Tinathyola masamba n'kuyala pamsewu kuti ena asatiwombe. Akuchimuna ali pafoni: 'Abusa atopa kudikira, mwana wanu wathawa ukwati eti?'"

"Abale inu, manyazi ake!"

"Kenaka kunatulukira mzungu pa kagalimoto kafumbi lokhalokha, akuti ankangoyenda kuona dziko pa wikendi. Ataona masamba aja anazimitsa wailesi, kuvula chipewa, n'kutsika. Akuti winawake anali atamuuza kale kuti masamba pamsewu ndi maliro."

"Ndiye anabwera kudzapepesa?"

"Manja kumbuyo, mayi! 'Pepani, pepani.' Kukweza maso, akuona mkwatibwi ali mu velo, akulira pamwala."

"Ha! Munamvana bwanji?"

"Chizungu ndichitenge kuti ine? Ndinamulozera mwanayo, n'kumulozera msewu. Anasiya tenti ndi zikwama zake m'lole, tinakwera ine ndi Tikondwe, keke pamiyendo."

"Munaupeza ukwatiwo?"

"Tinapeza anthu ayamba kutuluka m'tchalitchi. Hutala mpaka pakhomo! Mzungu n'kuthamanga kukamutsegulira mwana wanga chitseko."

"Nanga aja ankati wathawa?"

"Apongozi akewo? Anandikokera pambali: 'Asewere, dalaivala wotereyu munamupeza kuti?' Ine ndinangokonza duku: 'Kwathu ku Salima ndi mmene timaperekezera ana.'"