Babatoni m'munda wa mpunga

Zaka zimenezo, nyanja ya Chilwa isanayambe kumaphwaphwa chonchi, ine ndinali namwali woti anyamata ankagwa panjinga pondicheukira, musaseke. Iwe Yamikani, tazimitsa kaye chisipikalacho, chifukwa ukunyada kuti besi gitala yako ili ndi nsambo zisanu, ilibe tizitsulo pakhosi, ndipo ukuimenya ndi chala chachikulu ngati wayambitsa ndiwe, koma agogo ako aamuna ankachita zomwezo ndi waya mmodzi wosolola m'tayala.

Dzina lawo a Daisoni, kwawo ku chilumba cha Chisi. Pobwera kwathu kudzakhala chikamwini sanatenge khasu kapena ukonde, anangosenza babatoni: ching'oma chachikopa cha ng'ombe, chokhala ndi mtengo wautali kuposa chitseko. Ankachikhalira pamwamba, dzanja ili kamtengo komenyera waya, dzanja linalo botolo lotsetsereka nalo pawayapo, ndipo chikalira unkachimvera m'mimba, osati m'khutu. Ine ndinakopeka nacho, sindibisa.

Koma atsibweni anga sanakopeke. Anandiitana nati, “Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, wakoyu wadza ndi phokoso. Mbalame zikamaliza mpunga chaka chino, abwerere kwawo ndi chimtengo chakecho.” Inu ana a lero mumachita lendi nyumba ku Songani n'kumadzilamulira, koma nthawi imeneyo atsibweni akanena, banja latha. Ndinalira, chifukwa ndinali kale ndi pakati pa amayi akowa, Yamikani.

Mpunga utayamba kucha, atsibweni anawatuma a Daisoni kukaamira mbalame kudambo. Iwo ananyamula babatoni, akuti mpheta zikathawa kulira kwake. Zinathawadi tsiku loyamba, koma posakhalitsa zinazolowera, mpaka ina ndinaiona ndi maso angawa itatera pamtengo wa babatoniyo, eni ake ali kalikiliki kuimba. Ndinati basi, ukwati wanga wadyedwa ndi mpheta.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawu aja ankayenda pamwamba pa madzi mpaka kumudzi, ndipo ana, amene ukawatuma kukaamira ankadwala mutu, anayamba kuthamangira okha kudambo. Wina wabwera ndi chitini, wina visekese, onse kuvina m'mizere ya munda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, fumbi ndi matope, ndipo mbalame inasowa potera. Minda ya anzathu inapepuka, wathu ngala zinachita kuwerama.

Tsiku lina atsibweni anapita okha kuti akathetse chibwanacho. Ine ndinawatsata kumbuyo. Anaima nkhope ili gwa, manja kumbuyo, koma phazi linawapereka, linayamba kugunda lokha pansi. Atayang'ana mpunga uja anangoti, “Akamwini, wayayu akaduka mundiuze, ndili ndi tayala lakale kuseri kwa nkhokwe.”

Tinakhala limodzi mpaka imvi, ndipo chikopa chija chinatha ndi njenjete eni ake atagona kale kumanda. Ndimawasowa, ana inu. Choncho musamafulumire kuthamangitsa munthu chifukwa chida chake simukuchidziwa, yambani mwaona chimene chikubala.

Tayatsa tsopano, Yamikani. Koma usiye kuthamanga ndi zala zonsezo, ugwire nsambo yaikuluyo, utsetsereke nayo pang'onopang'ono, ndiwamveko agogo ako.