Thumba la m'kati mwa jekete

Aulutsi, ndiwerengereniko nkhani yangayi anzanga amve.

Nthawi ya Chitaganya ndinali telala, ndinkasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Lilongwe. Achimwene anga atabwera kutchuthi kuchokera ku Halale, anandikopa mtima. Ankati kumeneko magetsi ali ngwee, madzi ndi apampopi, buledi amadya tsiku lililonse. Ndinawachonderera kuti pobwerera anditenge.

Tsiku lina tikuoloka mlatho wa m'tauni, tinakumana ndi wapolisi. Achimwene anangoima njo, akufufuza m'matumba. Wapolisiyo anatipatsa moni n'kudutsa.

"Bwanji achimwene?" ndinafunsa.

"Chitupa," anatero. "Kuja ukachiiwala kunyumba, ukagona m'chitolokosi. Iwe umangoyenda chonchi, wopanda pepala lililonse?"

Titafika pakhonde paja anavula jekete kuti ndiwasokere thumba la m'kati, la batani, chitupa chisamagwe. Za ulendo wanga anakanitsitsa. "Khala, mng'ono wanga. Kwabwino ndi kuno."

Iwo anabwerera poti ana awo anali komweko, ndipo sitinaonanenso. Ndakalamba tsopano, koma ndikamaoloka mlatho uja ndimawasowa. Thumba lija ndinalisoka molimba kwambiri. Ndikanalisiya lobooka, mwina akanawabweza kwathu.