Mwini Mthunzi

M'mwezi wa Okutobala wa chaka chija mvula inachedwa mpaka achule a m'mbali mwa Shire anasasa mawu, tsiku lina dzuwa lili paliwombo, bambo Ignasio a ku Nsanje anabwera kuchokera kudimba thukuta lili kamukamu, napeza mpando wawo wandalema uli padzuwa pakati pa bwalo, pamene pansi pa mtengo wa masau, pomwe mpandowo unakalambira, panali anyamata a kabaza atatsamiritsa njinga zawo, akusewera bawo.

"Amake Dorika!" anaitana. "Kodi mpando wanga wayamba liti kuwothera dzuwa?"

Mayi Otilia, akazi awo, anatuluka akupukuta manja pachitenje. "Wausuntha mwini malo, bambo."

"Mwini malo uti? Pakhomo pano ndinamanga ndine!"

"Pakhomo mpanu. Mtengo ngwa Dorika."

Apa bambo Ignasio anakumbukira. Kumayambiriro kwa chaka mwana wawo Dorika, wa Fomu 2, anapempha kuti azipatsidwa kandalama mlungu uliwonse monga anzake akusukulu. Iwo anakana kwamtuwagalu, napita kukalengeza pamsonkhano wa makolo kuti mwana wozolowera kulandira amakula chikhatho chili chotambasula. M'malo mwa ndalama anampatsa mtengowo kuti aphunzire kudzipezera.

"Ndinampatsa masau," anatero akuloza m'mwamba. "Zipatso!"

"Munati, 'Mtengo uwu ndi zake zonse nzako.' Ndinalipo. Ndinkapeta mapira pamenepo."

"Chabwino, nanga masauwo ali kuti?"

"Anatha mu Ogasiti. Mwana anayang'ana m'mwamba, mulibe kanthu. Anayang'ana pansi, napeza mthunzi."

"Mthunzi sagulitsa, mayi iwe!"

"Sanagulitse, bambo. Wangobwereketsa. A Sebastiano ndi anzawowo amalipira Lolemba lililonse."

"Sebastiano? Uja ndinamunyamula pa ubatizo wake?"

"Yemweyo. Amalipira bwino, sachedwetsa."

Bambo Ignasio anakweza phazi limodzi, natsitsa, nakweza linalo, pakuti mchenga unali kuwawotcha kudzera m'mapatapata. Kenaka anatchera khutu.

"Imene ikulirayo si wailesi yanga?"

"Ndi yomweyo. Munaipachika panthambi."

"Ndiye?"

"Ndiye ili pamtengo. Anyamatawo akafuna kumvera mpira amawonjezerapo pang'ono."

"Mayo ine! Nanga mbuzi ndimamangirira patsinde ija?"

"Imeneyo ndinaimasula msanga. Ndinaona kuti ipita."

"Mwachita bwino. Nkhuku zanga?"

"Zimagona m'nthambimo. Usiku nza Dorika, masana nzanu."

"Nanga mazira?"

"Zimaikira masana. Pamenepo mwapulumuka."

Bamboyo anavula chipewa, nadzikupiza nacho, nachivalanso msanga dazi litayamba kutentha.

"Ndipita kukawathamangitsa onsewo!"

"Mukagogode kaye, bambo. Mpa eni pamenepo."

"Ndiudula mtengowo!"

"Nkhwangwa ili kuseri kwa chitseko. Mukatha mundiuze komwe ndikaike mpando."

"Ikani pakhonde!"

"Pansi pa malata? Dzulo ndinayanikapo usipa wonyowa, ndinakaupeza utakazingika."

"Basi, ndilanda mtengo wanga. Ndinapereka ndine, ndilanda ndine."

"Landani," anatero mayi Otilia mofatsa. "Koma mulande Loweruka. Lachisanu kuli msonkhano wa makolo, ndipo aphunzitsi aakulu atumiza mawu akuti mukafotokozenso nzeru yanu ija. Akuti Dorika ndiye chitsanzo. Nsapato ndi makope wagula yekha."

Chifuwa cha bambo Ignasio chinatukumuka pang'ono. "Wagula yekha?"

"Yekha."

"Mwaona? Mwaona nzeru za munthu? Ndinanena ine! Mwana ameneyu watengera ine."

"Eya, watengera inu. Ndi mthunzi womwe."

Pansi pa mtengo wina anadya nkhomo za mnzake pabawo paja, onse nkuseka, kamphepo kakugwedeza masamba pamitu pawo. Bambo Ignasio anawayang'ana monga munthu wanjala ayang'anira ukwati umene sanaitanidweko. Kulanda mtengo kunali kudzitsutsa pamaso pa makolo onse. Kuusiya kunali kupsa mpaka mvula. Anasendera pafupi ndi akazi awo, natsitsa mawu.

"Amalipira zingati anyamatawa?"

Mayi Otilia anawanong'oneza m'khutu.

"Ha! Chifukwa cha mthunzi chabe?"

"Mthunzi wa Okutobala, bambo."

"Inu mwadziwa bwanji zonsezi?"

"Wotolera ndine, mwini akakhala kusukulu. Amandigawirako ya sopo."

"Mpaka inu amake, mwalembedwa ntchito ndi mwana?"

"Munati aliyense adye thukuta lake. Ine langa ndi limenelo."

Bamboyo anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya. "Mumuuze kuti ine ndiwonjezerapo pa zimene amapereka Sebastiano. Achoke onsewo, mpando ubwerere."

"Mlungu uliwonse?"

"Mlungu uliwonse."

"Lolemba m'mawa, asanapite kusukulu?"

"Nthawi iliyonse imene afuna!"

"Ndiye kuti mwavomera kumampatsa mwana ndalama."

"Nkhabe!" anakuwa m'Chisena, mpaka anyamata aja anacheuka. "Ine Ignasio kupatsa mwana ndalama? Sindinachitepo, sindidzachita! Ndikulipira mwini mtengo, monga munthu aliyense waulemu wake."

"Ndamva, bambo. Simukupatsa mwana, mukulipira mwini mtengo." Mayi Otilia ananyamula mpando uja, nayenda pang'ono, naima. "Kungoti ija anakupemphani mwana kumayambiriro kwa chaka inali theka la imene akufuna mwini mtengoyu."

Lachisanu lake bambo Ignasio anayankhula pamsonkhano wa makolo motsutsa kupatsa ana ndalama, ndipo anthu anawaombera m'manja. Lolemba m'mawa analipira Dorika, namupempha kuti wailesi ikhale m'gulu la mthunzi, asamailipirire padera. Dorika anakana.