Galimoto si bwato

Mvula itangokata pa siteshoni ya Salima, dalaivala wina wa ku Senga Bay ankapukuta galimoto yakale ya abwana ake. Mkulu wina amene anali atangotsika sitima anaima pambali, mtolo uli m'khwapa.

"Imadontha imeneyi, achimwene?"

"Inkadontha, bambo. Ine ndinakulira m'bwato. Bowo lililonse ndalimata ndi thonje ndi phula, ngakhale timabowo ta pansi pa zitseko. Mawa ndikatenga mkwatibwi ku Chitala. Akafika atanyowa, abwana akuti ntchito yanga yathera pomwepo."

"Tagwedezani chitsekocho."

"Chatani?"

"Ndikumva nyanja m'katimo. Mwina mwasungamo ndi chambo chomwe."

"Ndi timadzi totsalira basi."

"Tituluke bwanji inu mutatseka njira? Ine ntchito yanga ndi yofolera nyumba. Mvula sitiikaniza, timaionetsa potsikira. Ndipo pamene padontha si pamene madzi alowera."

"Nanga akulowera pati?"

"Khalani m'katimo. Ine ndizithira ndowa kuyambira m'munsi, ndizikwera pang'onopang'ono. Mukanyowa munene."

Ndowa yachitatu itafika pamwamba, dalaivala uja anagogoda galasi.

"Imani, bambo. Ndi pa mphira wa galasi lakutsogololi."

"Phula lanu likakhale pamenepo. Timabowo ta pansito titsegule."

"Zikomo. Koma mukuvutikiranji ndi galimoto ya eni?"

"Mkwatibwi wa ku Chitalayo ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo nsalu imene avale mawa ili mumtolomu. Ndipatseni msomali wotsegulira timabowoto."